KATALAKITA KAKANG'ONO KANGATHE MUNDA NGATI MWINI ADZIWA NTHAWI

M'mbali mwa matauni a Chipata, Katete ndi Petauke muli aphunzitsi, akalaliki a m'maofesi ndi ena opuma pa nchito amene ali ndi minda ya mahekitala awili kapena atatu. Anthu otele amaponda m'munda pa Ciwelu ndi pa Sondo pokha. Popeza alibe nthawi yoweta ng'ombe, ena amagula katalakita ka mahosipawa 15 mpaka 25. Tsono dandaulo limabwela mu Okutobala: katalakita kamafuka utsi wakuda, mawilo angozungulila pamodzi, pulawo ikukana kulowa pansi.

Nthawi zambili colakwa sicikhala m'makina ai, koma m'nthawi imene mwini wasankha. Dothi lakatondo likauma ndi dzuwa la cilimwe limalimba ngati njelwa, ndipo ngakhale talakita yaikulu imavutika nalo. Mwini katalakita ayenela kugaula munda mu Epulo kapena Meyi, pamene cinyontho cikali m'nthaka. Akatelo injini sitopa, dizilo apita wocepa, ndipo mvula ya Novembala ipeza munda uli wokonzeka. Amene adikila kuti mvula iyambe yafewetsa nthaka amabzala mocedwa, ndipo cimanga cocedwa sicidzaza nkhokwe.

Caciwili ndico kucepetsa ulendo wa katalakita. Pulawo imodzi yodula masentimita 30 imayenda makilomita oposa 33 kuti itsilize hekitala imodzi. Koma ripa, monga ija ya Magoye, imang'amba mizela yokha yobzalamo. Mizela ikatalikilana masentimita 90, ulendo wonse ungopitilila pang'ono makilomita 11. Kwa munthu amene ali ndi masiku awili okha pa sabata, kusiyana kumeneku ndi kwakukulu. Bungwe la Conservation Farming Unit, limene linayamba mu 1996, linaphunzitsa alimi ambili m'dziko muno kalimidwe kameneka.

Cacitatu ndico cisamalo. Musanalize injini m'mawa, onani oilo ndi madzi. Sefa ya mpweya iyenela kuyeletsedwa kawilikawili m'nyengo ya fumbi, cifukwa fumbi likalowa m'kati limadya injini. Dizilo wosungidwa m'mgolo wadzimbili kapena wolowa madzi amaononga pampu, ndipo mtengo wa pampu ungathe kumeza phindu la caka conse. Kumanga mabauti ndi kupaka gilisi ndi nchito ya mphindi zocepa cabe.

Palinso za moyo wa munthu. Katalakita nkopepuka, motelo unyolo kapena ngolo ziyenela kumangidwa pa citsulo cokokela ca m'munsi. Mukamanga pamwamba pofuna kuzula citsa, kutsogolo kumanyamuka ndipo katalakita kangagudubukile woyendetsa. Ngolo yodzaza matumba imakankha katalakita potsika phili, conco ndi bwino kutuuta kawili kusiyana ndi kusenzetsa zonse pa ulendo umodzi. Ana asakwezedwe pambali pa woyendetsa.

Akulu anati tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Katalakita kosamalidwa kangagaule munda, kututa cimanga, kutunga madzi a kudimba ndi kupeleka mbeu ku msika. Amene afuna kudziwa zida zoyenelana ndi mphamvu ya katalakita kao aonane ndi mlangizi wa zaulimi wa m'dela lao kukolola kusanathe.