Si kunenepa konse kumene kuli umoyo

Kumapiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi, monganso m'tauni muno, mwana akanenepa anthu amayamikira mayi wake kuti akudyetsa bwino. N'zomveka, poti takhala tikulimbana ndi kunyentchera zaka zambiri. Komatu abale anga, kulipo kunenepa kwina kumene kumabwera ndi imfa m'tulo.

Madokotala amati matendawa ndi ROHHAD. Analembedwa koyamba mu 1965 ku America, koma dzinali linaperekedwa mu 2007. Ndi osowa kwambiri, ndipo gwero lake lenileni akatswiri akulifufuzabe. Vuto limakhala pa kachigawo ka ubongo kotchedwa hypothalamus, kamene kamalamula njala, ludzu, kutentha kwa thupi ndi mahomoni.

Kawirikawiri amayamba mwana ali ndi zaka ziwiri mpaka 7. Mwana amene anali bwinobwino amawonjezera makilogalamu 10 kapena kuposa m'miyezi yochepa. Kenaka thupi limatentha kapena kuzizira popanda malungo, ludzu limasokonekera, ndipo ena amatha msinkhu msanga pamene ena amachedwa.

Choopsa zedi ndi kapumidwe. Inu ndi ine mpweya woipa ukachuluka m'magazi, ubongo umatikakamiza kupuma mwamphamvu ngakhale tili m'tulo. Mwa mwana uyu belu limeneli sililira. Amapuma pang'onopang'ono osamva kubanika kulikonse, mpaka mtima ungathe kuima. Alipo matenda enanso ofanana nawo, obadwa nawo, otchedwa CCHS, amene mu 2003 akatswiri a ku Paris anapeza kuti amachokera ku jini ya PHOX2B.

Tsono taganizani mnyamata wa ku Malomo kapena mtsikana wa ku Mvera amene amawodzera m'kalasi tsiku ndi tsiku, amadzuka mutu ukuwawa, milomo itada. Aphunzitsi ati ndi ulesi, anzake ati ndi dyera, agogo ati pali munthu wamulodza. Nanga ndani angaganize za ubongo? Kusikelo timasiya kupita mwana akakwana zaka zisanu, ndiye amene akuona kuti thupi lasintha ndi kholo lokha basi.

Mankhwala ochiziratu palibe, koma chithandizo chilipo: mahomoni amene akusowa amaperekedwa, ndipo makina othandiza kupuma usiku amapulumutsa moyo. Okosijeni yekha sakwanira, chifukwa satulutsa mpweya woipa uja. Makinawo amafuna magetsi osazima, chinthu chosowa m'midzi yathu. Apa m'pamene boma liyenera kutiyankha.

Inu a geni amene mumatumiza ndalama kumudzi, ndi inu ophunzira amene mumapita kwanu pa holide, yang'anani ang'ono anu akagona. Mukaona zizindikirozi, tengani buku la kuchipatala, pitani ku chipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, nenani kuti kunenepako kunayamba liti, ndipo pemphani kuti amuyeze mpweya m'magazi ali mtulo. Ngati pafunika, akutumizeni ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Musaope kufunsa. Paja safunsa anadya phula.