Musanagulitse nyumba pa Migowi, dziwani kokagona

Chimangidwire chipatala cha John Chilembwe, malo pa Migowi akusakidwa ngati mchere. Anamwino, aphunzitsi ndi ogula nandolo akufuna kukhala pafupi ndi msewu wa tala wa Zomba-Jali-Phalombe-Chitakale, ndipo madobadoba sakugona tulo.

Ine ntchito yanga ndi yowerengera mtengo wa nyumba ndi malo. Wogulitsa amandifunsa kuti nyumba yake ingapite pa zingati, koma za komwe akalowere, zii.

Bambo wina anagulitsa nyumba yake ya zipinda zitatu chakumapeto kwa dzinja la 2023, akuti apeze ina pamtunda, poti namondwe wa Freddy anali atamuonetsa zakuda m'mwezi wa Malichi. Anaganiza bwino ndithu. Anaika ndalama ku banki, nalowa lendi, katundu wina n'kumuunjika pakhonde la apongozi ataphimba ndi lona. Ali mkati mosaka, mu Novembala banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti: dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Simenti ndi malata zinakwera nthawi yomweyo, eni nyumba nawo anasintha mitengo. Ndalama zija zinangokwana puloti ndi njerwa.

Kuno kupeza nyumba sikuchedwa chifukwa cha mtengo wokha. Malo ambiri ndi a makolo, ndipo pakati pa Alhomwe amayenda mwa akazi. Mkamwini akhoza kukuonetsani khomo lokongola, koma ngati mbumba ndi amalume sanavomere, mwagula mlandu. Kufunsa anyakwawa, kuyenda m'malire ndi anansi, kukafufuza ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya Phalombe, zonsezi zimadya milungu, lendi ikudyanso thumba.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti tsiku lolandira ndalama ndi tsiku lotuluka m'nyumba siliyenera kukhala limodzi. Wogula akhoza kupereka chikole, yotsala n'kudzamaliza wogulitsa akapeza kolowera. Kapena alipire yonse, koma kalata ya mgwirizano inene kuti wogulitsa akhalamobe miyezi itatu. Wogula wofunitsitsa sakana kawirikawiri.

Zapakamwa zokha ayi. Mayi, bambo, lembani tsiku losamuka pa kalatayo, mboni za mbali zonse ndi amfumu asayinire, ndipo musapereke makiyi musanaone ndi maso anu khomo lomwe mukalowe.