Akayezedwa BP kwa Kanduku, mankhwala akawapeza kuti?

Pa 17 Meyi chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira matenda a kuthamanga kwa magazi. Kwa Kanduku, m'boma la Mwanza, tsikuli limafika manachesi atayamba kupsa, anthu ali kalikiliki m'minda kukolola, ndipo ndi ochepa amene amalimva. Koma sabata yomweyo, pa sikelo ina imene imachitikira patsinde pa mtengo wa mango, mlangizi wa zaumoyo anabwera ndi kamakina koyezera BP pamwamba pa katemera wa ana.

Agogo ena anafika pamenepo chifukwa mdzukulu wawo analibe womuperekeza, mayi wake atapita kukagulitsa manachesi kumsewu wa ku Zobue. Anali aafupi, atamanga duku lofiira lozilala, mapazi ali mbuu ndi fumbi la njira za m'mapiri. Mwana atamutsitsa pa sikelo, iwo anakhala pamphasa n'kuyamba kudzisisita kunkhongo. Mlangizi atawafunsa, anati mutu ndi wa masiku onse, makamaka m'mawa, ndipo amangogula Panado pagolosale. Akawerama pamtondo maso amachita chidima.

Poyamba anakana kupereka mkono, ati chofinya chija chimayamwa magazi. Mayi wina wachitsikana anayamba ndiye kuyezedwa, agogo akuyang'anitsitsa. Ataona kuti palibe jakisoni, anatambasula mkono wawo wowonda, nkhope atatembenuzira kumbali. Nsalu inafufuma, kenako inaphwa. Mlangizi anayang'ana manambala, anawauza kuti apume kaye, n'kuyezanso mkono winawo. Malire ndi 140 pa 90, koma manambala a agogowa anadumpha malirewo patali maulendo onse awiri. Chibadwire chawo, aka kanali koyamba kuyezedwa.

Sali okha. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu 3 alionse m'Malawi muno, mmodzi BP yake inali yokwera, ndipo mwa anthu 10 otere oposa 9 sankadziwa n'komwe.

Mlangizi analemba m'buku lawo la kuchipatala kuti akaonane ndi adokotala. Mphamvu zake zimathera pomwepo. Bokosi la mankhwala la chipatala cha m'mudzi, chiyambire ndondomekoyi mu 2008, ndi la ana osakwana zaka 5: LA wa malungo, mankhwala a chibayo, thanzi ndi zinki wa kutsegula m'mimba. A BP mulibemo, ndipo mlangizi saloledwa kuwapereka.

Apa ndi pamene panabuka mtsutso umene unatenga nthawi yaitali kuposa kuyezako. Bambo wina wa m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzimo anati kuyeza kopanda mankhwala n'kungowapatsa nkhawa anthu okalamba. Agogowa, iye anatero, anabwera ali bwinobwino, akubwerera ali odwala. Kuti akafike kuchipatala afunika ndalama ya kabaza wa njinga yamoto, kupita ndi kubwera, ndipo mankhwala a BP ndi omwa moyo wonse. Akakapeza kuti atha, adzawauza kuti akagule. Akagule ndi chiyani, munthu amene ndalama amaiona nyengo ya manachesi yokha? Ndipo mvula ikayamba mitsinje imadzaza, njira zina sizipitika.

Mlangizi sanakane zimenezi. Iye anati munthu akadziwa amachepetsa mchere ndi soda m'ndiwo, amasiya fodya wa m'mphuno, ndipo abale amadziwa chothamangira akaona pakamwa papotoka. Anakumbutsanso zimene aliyense pamenepo anazionapo: munthu akagwa mwadzidzidzi n'kufa ziwalo mbali imodzi, anthu amati wamenyedwa hamala, ndipo chala chimaloza nkhalamba ya pafupi. Manambala olembedwa m'buku aja akhoza kuteteza munthu wosalakwa.

Kumva kwanga, onse awiri akunena zoona, koma kusiya kuyeza sikungathandize agogowa. Cholakwika n'chakuti makina afika kumudzi mankhwala atatsalira. Dziko lomweli linakwanitsa kuti omwa ma ARV azilandira mankhwala a miyezi 6 nthawi imodzi, ndipo m'madera ena amasinthana kukatengerana. Timapilitsi ta BP ndi totsika mtengo, sitifuna firiji. N'chifukwa chiyani namwino sangabwere nato pa sikelo pomwepo, ngakhale kamodzi pa miyezi 3?

Agogo aja sanalowerere mtsutsowo. Anakulunga buku lawo m'kapepala ka shuga, analipisa m'chitenje, n'kubereka mdzukulu. Anati adzapita mwana wawo akagulitsa manachesi.

Chimene sanachitchule aliyense n'chakuti pamphasa ponse paja panali amayi okhaokha. Abambo anali kumunda, ena kumalire kukasaka ganyu. Mwamuna yekhayo amene anakhalapo mpaka pomaliza anali wa m'komiti uja, ndipo naye anachoka osayezetsa.