Mkangano wa magetsi a nyukiliya: Gawo la Malawi lili pa zotsalira za ku Kayelekera

NKHOTAKOTA, Mana: Dziko la Malawi lilibe malo opangira magetsi a nyukiliya, komabe mkangano womwe uli mkati pa dziko lonse wokhudza kuwonjezera magetsi amtunduwu ndi kasungidwe ka zinyalala zake ukulikhudza kale dziko lino, kuphatikizapo anthu a m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhotakota.

Chifukwa chake ndi mgodi wa Kayelekera m'boma la Karonga, womwe unayambiranso ntchito mu 2025 utakhala chiimire kuyambira mu 2014. Pamgodiwu amakumba yureniyamu, mwala womwe amapangira magetsi a nyukiliya. Madzi ochokera m'mapiri a kumeneko amatsikira mumtsinje wa Sere n'kulowa mu North Rukuru, kenako m'nyanja ya Malawi, momwenso mumathira Bua ndi Dwangwa.

Popanga magetsiwa, tinthu ting'onoting'ono ta yureniyamu timagawanika n'kutulutsa kutentha kwakukulu komwe kumawiritsa madzi, ndipo nthunzi yake ndi imene imazunguza makina opukusa magetsi. Sipatuluka utsi ngati wa malasha, ndipo makinawo amagwira ntchito usana ndi usiku, kaya mvula yagwa kapena ayi. N'chifukwa chake pamsonkhano wa zanyengo wa COP28 ku Dubai mu 2023, mayiko oposa 20 analonjeza kuti pofika 2050 magetsi a nyukiliya pa dziko lonse adzakhale atachuluka katatu.

Mfundoyi si yovuta kuimva kuno kwathu. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Malo opangira magetsi a dzuwa a ku Nkhotakota amatulutsa mamegawati 21, pomwe Koeberg, pafupi ndi Cape Town ku South Africa, amatulutsa oposa 1,800.

Otsutsa amakumbutsa za ngozi za ku Chernobyl mu 1986 ndi ku Fukushima mu 2011, komanso kukwera mtengo komanga malowa. Dziko la Germany linatseka malo ake atatu omaliza mu Epulo 2023. Koma nkhani yomwe yavuta mbali zonse ziwiri ndi ya zinyalala. Yureniyamu akatha ntchito m'makina amakhalabe akutulutsa cheza choopsa kwa zaka masauzande ambiri. Dziko la Finland lakumba mapanga a Onkalo, akuya mamita oposa 400 m'thanthwe, oti lidzakwiriremo zinyalalazi mpaka kalekale. Mayiko ambiri akusungabe zawo pamalo pomwe amapangira magetsipo.

Zinyalala za dziko lino n'zamtundu wina. Miyala ikakumbidwa imaperedwa n'kusakanizidwa ndi asidi kuti yureniyamu apatuke. Yureniyamuyo amatumizidwa kunja, koma matope otsalawo amakhala pamgodi pomwepo, m'damu lomangidwira ntchitoyi. Cheza chake n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi cha zinyalala za m'makina, koma matopewo ndi ambiri, ndipo gawo lalikulu la cheza chomwe chinali m'miyalayo limatsalira momwemo. Muli radium, yomwe imatenga zaka 1,600 kuti mphamvu yake itsike ndi theka lokha. Mgodi umagwira ntchito zaka zowerengeka. Damulo liyenera kupirira dzinja lililonse kwa mibadwomibadwo.

Kampani ya Paladin ya ku Australia inayamba kukumba ku Kayelekera mu 2009, boma likutenga magawo 15 pa 100 alionse. Mitengo itagwa pambuyo pa ngozi ya ku Fukushima, kampaniyo inaimitsa ntchito mu 2014, ndipo apa m'pamene nkhani ya madzi inakula. Mgodi ukamagwira ntchito, madzi a mvula osonkhana m'madamu amagwiritsidwanso ntchito m'fakitale. Ukaima, madziwo amangochuluka. Paladin inapempha chilolezo choyeretsa madzi n'kuwathira m'mitsinje, ponena kuti adzakhala pa muyezo wa madzi akumwa wa bungwe la WHO, womwe ndi mamayikulogalamu 30 a yureniyamu pa lita imodzi. Mabungwe omwe si aboma komanso anthu ena a ku Karonga anakana. Mu Januwale 2015 mvula yamphamvu inaononga thanki ina pamgodipo, ngakhale kampaniyo inati mitsinje sinaipitsidwe. Mgodiwu unagulitsidwa kwa Lotus Resources mu 2020.

Wina angafunse kuti Nkhotakota ikulowamo bwanji, pomwe ili pamtunda wa makilomita oposa 300 kuchokera ku Karonga. Kunena zoona, nyanjayi ndi yaikulu ndipo chilichonse cholowamo chimasungunuka m'madzi ochuluka zedi. Kuopseza asodzi popanda umboni sikungathandize aliyense. Koma nyanja ya Malawi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, lomwe ndi Shire, ndipo madzi ake ambiri amachoka ngati nthunzi. Choncho chomwe chalowamo chimachedwa kutuluka. Komanso msika sudikira zotsatira za kafukufuku: mphekesera yokha yoti nsomba zili ndi poizoni ikhoza kugwetsa mtengo wa usipa ndi chambo kuchokera ku Dwangwa mpaka ku Chia.

Malamulo alipo. Dziko lino linalowa m'bungwe loona za mphamvu ya nyukiliya pa dziko lonse la IAEA mu 2006, ndipo lamulo la Atomic Energy Act la 2011 linakhazikitsa bungwe la AERA loyang'anira zinthu zotulutsa cheza. Palinso bungwe la MEPA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017. Chofunika n'chakuti mabungwewa azitha kuyeza okha madzi a mu Sere ndi North Rukuru, osangodalira malipoti a kampani, ndipo zotsatira zake zizifika kwa mabwanamkubwa, alangizi a zausodzi ndi makomiti a m'madoko m'chilankhulo chomwe msodzi angamve.

Funso lina ndi la ndalama zodzatsekera mgodi. M'nthawi ya Paladin panaikidwa chikole cha 10 miliyoni dolazi za ku America chothandizira kukonzanso malowo. Ndi udindo wa akuluakulu oona za migodi ndi zachuma kumaunika kawirikawiri ngati chikole chotere chikufanana ndi mtengo weniweni wokwirira damulo ndi kulilondera, chifukwa kampani ikadzachoka, matopewo adzatsala m'manja mwa boma.