Kuthamanga kwa magazi kumayambira m'mimba mwa mayi

Anthu a m'boma la Mecanhelas amene anabadwa m'zaka za nkhondo ndi chilala cha 1992, ena m'midzi ya ku Insaca ndi Chiuta, ena kothawira ku Malawi, tsopano ndi akuluakulu a mabanja awo. Ambiri mwa amayi awo anatenga pakati pamene nkhokwe zinali zopanda kanthu, ndipo madokotala akuti njala ya mayi woyembekezera imasiya chipsera m'thupi mwa mwana chimene chimadzaonekera iye atakula. Chipsera chimodzi ndicho matenda a kuthamanga kwa magazi, amene kuno amati tensão ndipo kutsidya kwa Nayuchi amati BP.

Amene anatchukitsa nkhaniyi ndi dokotala wa ku England, David Barker. M'zaka za m'ma 1980 iye anafufuza mabuku akale a azamba napeza kuti anthu amene anabadwa ochepa thupi ndiwo ankadwala kwambiri matenda a mtima atakula. Chifukwa chimodzi chili m'impso. Tisefa ta m'impso, timene timachotsa mchere ndi madzi osafunika m'magazi, timapangidwa mwana asanabadwe basi. Mayi akamagona ndi njala kapena kudwala malungo, mwana angabadwe wosakwana makilogalamu 2.5 ndiponso ndi tisefa tochepa, ndipo sadzameranso tina moyo wake wonse.

Matendawa sachepa m'dziko muno. Kafukufuku wa mu 2005 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Mozambique, 33 anali ndi magazi othamanga, ndipo wa mu 2014 ndi 2015 anapeza kuti afika pa 39. Ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe kuti akudwala.

Pofuna njira yotetezera ana otere, akatswiri ena anatembenukira kwa melatonin. Ameneyu ndi mankhwala amene thupi limadzipangira lokha m'kanthu kakang'ono ngati njere ya mpunga kamene kali pakati pa ubongo. Amachuluka kukada, nachepa kukacha, ndipo ndi amene amauza thupi kuti nthawi yogona yakwana. Anamutulukira ndi Aaron Lerner wa ku America mu 1958, ndipo masiku ano amapangidwanso m'mafakitale ngati mapiritsi a tulo.

Mu 2014 gulu la Dokotala You-Lin Tain la ku Kaohsiung, m'dziko la Taiwan, linalengeza zimene linapeza litapatsa makoswe a bere theka chabe la chakudya chawo. Ana a makoswewo atakula, magazi awo ankathamanga. Koma pamene makoswe ena anjala omwewo anawathirira melatonin m'madzi akumwa, ana awo anakula opanda vutolo.

Komatu khoswe si munthu. Zimenezi sizinatsimikizidwe mwa amayi ndi makanda, ndipo palibe lamulo la zaumoyo limene limauza mayi woyembekezera kapena woyamwitsa kumwa mapiritsiwa pofuna kuteteza mwana ku tensão. Ku America, kumene amagulitsidwa mwaufulu m'masitolo, malipoti oposa 260,000 a ana amene anawameza, ambiri mwangozi, analandiridwa pakati pa 2012 ndi 2021. Choncho kholo limene lawapeza pa msika kapena kwa wachibale wochokera ku Joni lisawapatse mwana popanda mawu a dokotala.

Chosangalatsa n'chakuti mayi wa kumudzi ali naye kale melatonin wa mwana wake. Mwana ali m'mimba amalandira wa mayi kudzera m'magazi. Akabadwa amatha miyezi pafupifupi itatu asanayambe kupanga wakewake molongosoka, ndipo pa nthawi imeneyi amamupeza m'mkaka wa m'mawere, makamaka wa usiku, pakuti wa masana umakhala ndi wochepa kwambiri. Kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6, usana ndi usiku, kumapereka zimenezi popanda kutaya metical ngakhale imodzi.

Zina zonse zili m'manja mwa banja. Mayi woyembekezera ayambe sikelo msanga, agone m'neti, amwe Fansidar ndi mapiritsi oonjezera magazi amene amapatsidwa kuchipatala, ndipo pa mbale ya matemba, nyemba ndi masamba asakhale womalizira kudya. Bambo amene wagulitsa mpunga kapena nsomba za ku Chiuta akumbukire kuti mnzake akudyera anthu awiri.

Amene anabadwa m'zaka za njala sangabwerere m'mimba, koma angathe kukayezetsa kuchipatala ngakhale asakumva kupweteka paliponse, popeza matendawa amabisala mpaka tsiku limene munthu wagwa n'kufa ziwalo. Makina akamasonyeza 140 pa 90 kapena kuposa apo pa masiku osiyana, ndiye kuti mankhwala ndi malangizo zikufunika. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse limati mchere usafike magalamu 5 pa tsiku, omwe ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale m'nsomba zouma zothira mchere.