Koeberg: Ubwino ndi Zoopsa za Magetsi a Nyukiliya M'mphepete mwa Nyanja

Ambiri a ife sitinaiwale caka ca 2024, pamene madzi a ku Kariba anatsika cifukwa ca cilala, malaiti n'kumazima pafupifupi tsiku lonse. Mdima umenewo unadzutsanso nkhani ya magetsi a nyukiliya, popeza boma lathu linasainirana kale mapangano ndi kampani ya ku Russia ya Rosatom. Tisanavomere kapena kukana, tiyeni tione malo amene akugwira kale nchito: Koeberg, makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa Cape Town, m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic. Mu Africa muno ndi okhawo. Egypt ikali kumanga ake ku El Dabaa.

Ku Koeberg kuli ng'anjo ziwiri za nyukiliya. Yoyamba inayamba nchito mu 1984, yaciwiri mu 1985. Mkati mwake yureniyamu imatulutsa kutentha kwakukulu, madzi amasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo imazunguza makina opanga magetsi. Ikatero, nthunzi iyenera kuziziritsidwa kuti ibwererenso kukhala madzi. Apa ndiye pali cifukwa comangira kunyanja: pamafunika madzi ozizira matani pafupifupi 80 pa sekondi iliyonse, ndipo nyanja yamcere siphwa.

Ubwino wake sitingaukane. Ng'anjo ziwirizi zimatulutsa mamegawati oposa 1,800, pamene Kariba North Bank, ngakhale damu litadzaza, imafika pa 1,080. Mvula igwe, isagwe, magetsi amatuluka usana ndi usiku, popanda utsi wa malasha. Ndiponso migodi ya malasha ya South Africa ili kutali kwambiri, ku Mpumalanga, motero Cape Town imapindula kukhala ndi magetsi ake pafupi.

Koma nyanja yomweyo imene imaziziritsa ndiyo ingathenso kuononga. Pa 11 March 2011, civomezi cacikulu cinagwedeza Japan, ndipo mafunde a tsunami anadumpha khoma loteteza malo a Fukushima Daiichi. Ng'anjo zinali zitazima kale zokha, koma yureniyamu imapitiriza kutentha ngakhale itazimitsidwa, monga mbaula imene makala ake akali kunyeka pansi pa phulusa. Madzi anamiza majenereta oyendetsa mapampu, ng'anjo zitatu zinasungunuka mkati, ndipo anthu oposa 100,000 anasamutsidwa. Ena sanabwererenso kwao. Asodzi nawo anavutika: mu 2023, Japan itayamba kuthira m'nyanja madzi osefedwa ocokera pamalowo, China inaletsa nsomba za ku Japan kulowa m'dziko lake.

Koeberg sinaonepo ngozi yotere, ndipo ng'anjo zake zinakhazikidwa pa maziko a mphira oti azicepetsa mphamvu ya civomezi. Komabe mavuto ena akhalapo. Mu December 1982, malowa akali kumangidwa, asilikali a uMkhonto we Sizwe anaphulitsapo mabomba. Kumapeto kwa 2005 bauti imodzi yotsalira m'jenereta inaononga makina, ndipo Cape Town inakhala ikuzimirwa malaiti caka cotsatira. Mu 2020 nsomba ndi zamoyo zina za m'nyanja zinatseka sefa ya madzi, ng'anjo imodzi n'kuima. Tangoganizani, tinsomba!

Cimene cimatidetsa nkhawa koposa ndi zinyalala. Zosaopsa kwambiri amakazikwirira ku Vaalputs, m'cipululu ca ku Northern Cape. Koma yureniyamu yotha nchito, imene ceza cake cimakhala coopsa kwa zaka masauzande, ikali kusungidwa pa Koeberg pomwepo, m'maiwe a madzi ndi m'migolo yacitsulo. Mu 2024 ng'anjo yoyamba inaloledwa kugwira nchito mpaka 2044, kutanthauza kuti mulu wa zinyalalazo ukali kukula.

Nanga ife kuno, kumene kulibe nyanja yamcere? Tsunami sitingaiope, koma madzi oziziritsa tingawatenge mu mtsinje kapena m'damu, madzi omwewo amene amatsika pa cilala. Ku France, m'cilimwe ca 2022, malo ena a nyukiliya a m'mphepete mwa mitsinje anacepetsa magetsi cifukwa madzi a m'mitsinjeyo anatentha kwambiri.