Dzuwa la m'babu: mmene maluwa a kotentha amapulumukira chisanu cha ku Ulaya

Pa 21 Disembala, dzuwa mumzinda wa London ku Britain limatuluka 8 koloko m'mawa itapitirira pang'ono, ndipo 4 koloko madzulo isanakwane limakhala litalowa kale. Usana wonse sukwana maola 8. Ku Edinburgh, kumpoto kwa dzikolo, sukwana ndi maola 7 omwe. Ngakhale masana enieni dzuwalo silifika paliwombo. Limangokwera madigiri pafupifupi 15, monga limaonekera ku Malawi patangotha ola limodzi chitulukireni, ndipo masiku ambiri limabisika m'mitambo.

Iyi ndiyo nyengo imene maluwa ambiri osungidwa m'nyumba amafa m'maiko ozizira. Masamba amachita chikasu n'kuyamba kuthothoka, tsinde limatalika moonda likupendekera ku zenera, ndipo mwini wake, poganiza kuti ndi ludzu kapena njala, amawonjezera madzi ndi feteleza. Pakutha pa masabata angapo, duwa logulidwa ndi ndalama zambiri limakathera m'bini.

Chimene chimasowa si madzi kapena feteleza ayi, koma kuwala. N'chifukwa chake m'zaka zaposachedwa anthu ambiri ku Ulaya ndi kumpoto kwa America, kuphatikizapo Amalawi okhala kumeneko, ayamba kudziwa za mababu apadera okulitsira zomera, omwe amalowa m'malo mwa dzuwa kuyambira Okutobala mpaka Malichi.

Alendo ochokera kotentha

Maluwa ambiri okongoletsera m'nyumba ku Ulaya kwawo n'kumadera otentha. Monstera, wa masamba akuluakulu ong'ambika, adachokera kunkhalango za Mexico ndi Central America. Mkuyu wa masamba otambalala wotchedwa fiddle-leaf fig ngwa kumadzulo kwa Africa. African violet, kaduwa kotchuka pa mazenera, kadachokera kumpoto chakummawa kwa Tanzania, komwe kuli mapiri a Usambara, ndipo mbewu zake zidatumizidwa ku Germany mu 1892 ndi Walter von Saint Paul-Illaire. Chomera china chodziwika ndi dzina loti ZZ, cha masamba onyezimira ngati opakidwa mafuta, chimamera chokha m'tchire kummawa ndi kummwera kwa Africa, kuphatikizapo ku Malawi ndi ku Mozambique.

Kwawo kwa zomerazi, usana ndi usiku sizisiyana kwenikweni kutalika chaka chonse. Ku Lilongwe, mwachitsanzo, tsiku lalifupi kwambiri m'mwezi wa Juni limakhala ndi maola oposa 11 a dzuwa, ndipo lalitali m'Disembala limayandikira maola 13. Chomera chozolowera moyo wotere chilibe njira yogonera nyengo yonse yozizira monga imachitira mitengo ya ku Ulaya, yomwe imayoyola masamba n'kudikira kuti kufunde.

Nkhokwe yongotapamo

Chakudya cha chomera ndi shuga amene chimadzipangira chokha m'masamba, pogwiritsa ntchito kuwala, madzi ndi mpweya wa carbon dioxide. Ntchitoyi pa sayansi imatchedwa photosynthesis. Feteleza ndi ndiwo chabe, nsima yake ndi kuwala.

Koma chomera chimadyanso shugayo usana ndi usiku kuti chikhale ndi moyo, ndipo kukamatentha chimadya mofulumira. Apa m'pamene pagona vuto la nyumba za ku Ulaya. Zotenthetsera m'nyumba zimasunga chipinda pa madigiri 20 kapena kuposerapo, choncho duwa limadya ngati lili kwawo kunkhalango, pomwe kuwala kopangira chakudya kwachepa kwambiri. Lili ngati banja lotapa m'nkhokwe tsiku ndi tsiku chaka chimene silidakolole. Nkhokwe ikayamba kuona pansi, duwalo limataya masamba akale kuti lipulumutse nsonga.

Mlimi aliyense amene adaona chimanga chomera pansi pa mtengo wa mango akudziwa kale maonekedwe ake: chachitali, chonyozoloka, chotuwa, mfundo zake zotalikirana. Feteleza sangachiritse chimanga chotere, ndipo sangachiritse duwa lokhala mumdima.

Madzi ndiwo amamaliza zonse. Chomera chikachepetsa kupanga chakudya chimachepetsanso kumwa, dothi limakhala lonyowa masiku ambiri, mizu imasowa mpweya n'kuola. Mizu ikaola masamba amafota, mwini wake amathiranso madzi ena, ndipo imfa imafulumira.

Maso a munthu sathandiza kuzindikira vutoli chifukwa amazolowera mdima msanga. Kuwala kumayezedwa ndi muyezo wotchedwa lux. Panja, dzuwa likaswa mtengo, kumafika pa 100,000. Pakati pa chipinda chochezera kawirikawiri sikufika ndi 500 komwe. Chipinda chimene munthu amawerengeramo nyuzipepala bwinobwino chingakhale mdima wa ndiweyani kwa chomera.

Si babu lililonse

Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse yooneka pa utawaleza. Masamba amagwiritsa ntchito kwambiri kuwala kofiira ndi kwa buluu, pomwe gawo lina la kuwala kobiriwira limabwerera m'maso mwa woyang'ana, ndipo n'chifukwa chake masamba amaoneka obiriwira. Kuwala kwa buluu kumathandiza chomera kukhala chojintcha, chosatalika mwachisawawa. Kofiira kumalimbikitsa kukula ndi kumasula maluwa.

Mababu akale a kawaya mkati sayenera ntchitoyi. Pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a magetsi amene amadya amasanduka kutentha, kuwala kwake kuli ndi buluu wochepa, ndipo akayandikira masamba amawawaula. Kwa zaka zambiri okonda maluwa ankadalira machubu a fluorescent, omwe amathandiza ndithu zomera zing'onozing'ono monga African violet.

Zinthu zidasintha ndi mababu a LED. Akatswiri atatu ochokera ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, adapanga LED yowala bwino ya buluu, yomwe idatsegula njira yopangira mababu oyera osadya magetsi ambiri, ndipo mu 2014 adalandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyo. Bungwe la ku America loona za mlengalenga la NASA nalonso lakhala likuyesa kulima ndi mababu amenewa, ndipo mu Ogasiti 2015 anthu okhala mu International Space Station adadya letesi wolimidwa mommo pansi pa kuwala kwa LED.

Pa msika pali mababu otulutsa kuwala kofiira kosakaniza ndi buluu, komanso oyera olembedwa kuti full spectrum. Onse amakulitsa zomera, koma oyera ndiwo oyenera m'chipinda chokhalamo anthu chifukwa satopetsa maso, ndipo amalola munthu kuona msanga tsamba likayamba kudwala. Babu loyera lamphamvu lolembedwa nambala ya pakati pa 4000K ndi 6500K pa paketi limakwanira maluwa ambiri a masamba.

Mtunda ndi maola

Kugula babu labwino n'kulipachika kudenga n'kutaya ndalama. Kuwala kumachepa mofulumira pamene mtunda ukukula: duwa likatalikira babu kawiri, limalandira pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a kuwala kuja. Babu laling'ono liyenera kukhala masentimita 15 mpaka 30 pamwamba pa masamba, pomwe lamphamvu lingakhale pa masentimita 30 mpaka 60.

Duwa lenilenilo limanena ngati mtunda uli bwino. Likapitiriza kutalika moonda ndi kutulutsa masamba ang'onoang'ono, babu latalikira. Masamba a pamwamba akayamba kuyera kapena kuuma m'mbali, layandikira kwambiri. Kuika dzanja pamwamba pa masamba kwa mphindi imodzi kumathandizanso: ngati khungu likumva kutentha, tsambanso likupsa. Babu likhale pamwamba, osati pambali, ndipo mphika uzitembenuzidwa sabata iliyonse kuti duwa lisapendeke.

Kunena za nthawi, maola 12 mpaka 14 pa tsiku ndiwo amafanana ndi usana wa kwawo kwa zomerazi. Ambiri amagwiritsa ntchito kachipangizo kolumikiza ku soketi komwe kamayatsa ndi kuzimitsa babu pa nthawi yoikika, poti chomera chimafuna ndondomeko yosasinthasintha.

Mdima nawo ndi wofunika

Ena amaganiza kuti kuyatsa babu usiku wonse kungafulumizitse kukula. Zoona zake n'zakuti zomera zili ndi wotchi yake ya m'thupi, ndipo zina zimawerengera nyengo poyeza usiku. Chodabwitsa n'chakuti chinsinsi chimenechi chidaululika kudzera mwa fodya. Mu 1920, akatswiri awiri a nthambi ya boma yoona za ulimi ku America, Wightman Garner ndi Harry Allard, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo pa fodya wa mtundu wa Maryland Mammoth, yemwe ankangotalika m'munda nyengo yonse yotentha osachita maluwa, koma n'kumasula akasungidwa m'nyumba ya magalasi m'miyezi ya masiku afupiafupi. Pambuyo pake zidadziwika kuti chimene zomera zotere zimayeza ndi kutalika kwa mdima wosadukiza.

Poinsettia, duwa la ku Mexico la masamba ofiira limene limagulitsidwa kwambiri pa Khirisimasi ku Ulaya, lili m'gulu lomweli. Kuti lifiire limafuna maola pafupifupi 12 kapena kuposerapo a mdima weniweni usiku uliwonse kwa masabata angapo, ndipo babu loyatsidwa pakati pa usiku lingasokoneze zonse. N'chifukwa chomwecho duwali, lomwe ku Malawi limakula ngati kamtengo m'mabwalo a nyumba, kumeneko limafiira cha m'Juni ndi Julayi, osati pa Khirisimasi.

Mtengo wake ndi malire ake

Babu la LED la mawati 20 loyaka maola 12 pa tsiku limadya mayunitsi a magetsi 7.2 pa masiku 30. Babu lakale la mawati 100 likanadya mayunitsi 36 pa nthawi yomweyo. Kusonkhanitsa miphika ingapo pansi pa babu limodzi kumachepetsa ndalama, komanso kumathandiza kuti mpweya wozungulira masamba usaume kwambiri.

Komabe babu silithetsa mavuto onse. Zomera zambiri za kotentha zimavulala kukazizira kufika pansi pa madigiri 10, choncho tsamba lokhudza galasi la zenera usiku lingadetsedwe ndi chisanu ngakhale masana lidalandira kuwala kokwanira. Mpweya wouma wa zotenthetsera m'nyumba umakopa akangaude ofiira, omwe alimi a tomato amawadziwa bwino. Madzi athiridwe pokhapokha chala chikapeza dothi la pamwamba louma, feteleza adikire mpaka masamba atsopano ataoneka, ndipo mawaya a magetsi akhale kutali ndi pothirira.

Si duwa lililonse lofuna babu. ZZ, yomwe imasunga madzi ndi chakudya m'zinthu zonga mbatata pansi pa dothi, imapirira mdima kwa miyezi. Zomera za masamba a mawangamawanga, zochita maluwa, komanso mikuyu, ndizo zimavutika msanga.

Kummwera kwa Africa nkhani ndi yosiyana. Ku Johannesburg, miyezi ya Juni ndi Julayi imakhala ya thambo loyera, ndipo mdani wa maluwa ndi chisanu cha usiku, osati mdima. Ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, duwa lofooka kawirikawiri limangofuna kusunthidwa kuchoka pakona kupita pafupi ndi zenera kapena pakhonde pa mthunzi. Babu lingafunike m'maofesi ndi m'zipinda zopanda mazenera basi.

Kwa amene ali kozizira, kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsamba lomwe lachita kale chikasu silibwereranso, ndipo umboni woti babu likugwira ntchito ndi tsamba latsopano, lomwe lingatenge masabata angapo kuti lituluke. Pofika cha pa 20 Malichi, usana ku London umakhala utafikanso pa maola 12, ndipo maola a babu angayambe kuchepetsedwa pang'onopang'ono mpaka zenera litatenganso ntchito yake.